Theka la Milimita

Mphunzitsi mnzanga, m'buku langa la maina a ophunzira ndimasungamo kapepala kena kothimbirira ndi oilo. Sipanalembedwe dzina la munthu kapena la sitolo, pali manambala atatu ndi kadontho basi: 0.50. Kapepala kameneka kanamudyera mwana wa mlongo wanga mashilingi 190,000 ndi masiku 19 a ntchito, ndipo mbali ina ya mlanduwo ndi yanga. Ndikufuna ndikufotokozereni mmene zinayendera, chifukwa ndikudziwa kuti nanunso kumene muliko mudadikirapo chitsulo cha njinga yamoto chimene wogulitsa ankangoti "chikubwera sabata yamawa".

Ine ndimakhala ku Lipingo, m'mphepete mwa nyanja, m'boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania. Boma limeneli linapatulidwa ku Mbinga m'chaka cha 2012, ndipo likulu lake ndi Mbamba Bay, moyang'anana ndi Nkhata Bay tsidya linalo. Kwathu ndi kamtunda kopapatiza: kutsogolo madzi, kumbuyo mapiri. Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu akuluakulu kulemba, kuwerenga ndi kuwerengera, m'makalasi amene anzathu a ku Malawi amati sukulu za kwacha. Makalasiwo ali m'midzi yotalikirana, ndipo kuti ndikafike ndimakwera njinga yamoto. Kuno timati pikipiki, yonyamula anthu timati bodaboda. Inu a tsidya lija mumati kabaza.

Njinga zimenezi zinayamba kuchuluka kwathu cha m'ma 2010. Zambiri ndi zochokera ku India, monga Boxer ndi TVS, ndi zina za ku China, monga SanLG, Fekon ndi Kinglion. Lero ndi zimene zimakweza usipa kupita kumapiri, kutsitsa chimanga ndi nyemba kubwera kunyanja, ndi kuthamangitsa mayi wodwala usiku kupita kuchipatala ku Liuli kapena ku Mbamba Bay. Njinga imodzi ikaima, pamakhala mabanja angapo amene zinthu zawo zaimanso.

Tsiku limene injini inatopa

Mphwanga ameneyu anasiyira sukulu m'kalasi lachitatu n'kulowa m'bwato. Atatopa ndi usodzi anapeza munthu wina wa ku Mbamba Bay amene anamupatsa njinga ya 150 pa pangano limene kuno timati mkataba. Panganolo limayenda chonchi: woyendetsa amapereka ndalama kwa mwini njinga tsiku ndi tsiku, ndalama imene timati hesabu, ndipo akamaliza miyezi imene anagwirizana njingayo imakhala yake. Iye ankapereka mashilingi 10,000 patsiku. Petulo, oilo ndi zokonzetsa zonse zinali zake. Kaya njinga yayenda, kaya yagona, hesabu inkawerengedwa. Ndiye anali wondinyamula ine popita ku makalasi, ndipo kwa chaka chimodzi anakhalaponso pa benchi ngati wophunzira wanga.

Mu Juni 2021, nthawi ya mwera, atatsala ndi miyezi itatu kuti amalize pangano, njingayo inayamba kutulutsa utsi wobiriwira ndi kumwa oilo. Pa mtunda umene kale inkakwera ndi anthu awiri, inafuna kuti ine nditsike ndiyende wapansi. Msewu wathu wopita ku Liuli unali wa dothi, ndipo fumbi likalowa m'injini limagwira ntchito ngati mchenga wokwechera mapoto. Tinapita nayo kwa makaniko wa pamsika, amene kuno timati fundi. A fundi anamasula injini, nalowetsa chala m'kati mwa buloko, napukusa mutu.

"Yadyeka iyi. Maringi atha, pisitoni nayo yatha. Buloko yatsopano yokhala ndi pisitoni yake kulibe kulikonse panopa, ndafunsa kale. Kapaliseni ku Songea."

Mwina simunaonepo m'kati mwa injini. Pisitoni ndi kachitsulo kooneka ngati kapu yaing'ono, kamene kamakwera ndi kutsika m'bowo la buloko kambirimbiri pa mphindi iliyonse. Bowolo likadyeka, amisiri amalipala ndi makina kuti likhalenso losalala, koma likapalidwa limakula pang'ono. Choncho mafakitale amapanga mapisitoni a misinkhu ingapo. Yoyamba, ya injini yosapalidwa, amailemba STD. Zotsatira amazilemba 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00, kutanthauza kuti ndi zokulirapo ndi gawo lakutilakuti la milimita. Amisiri odziwa amanena kuti uziyamba wagula pisitoni, kenaka upite nayo pamodzi ndi buloko kwa wopala, kuti ayeze ali nayo m'manja. Ife tinayambira kumapeto, chifukwa kunali galimoto ya nsomba yopita ku Songea m'mawa mwake ndipo mnyamatayo anafuna kupulumutsa ndalama ya basi. Anabwerako patatha masiku asanu, buloko ili phuliphuli m'kati, kapepala kaja kali m'thumba la malaya.

"Sabata yamawa"

Pisitoni ku Mbamba Bay kunalibe. Ku Mbinga kunalibe. Mwini sitolo ina ya masipeya anati aitanitsa kwa mnzake wa ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, kumene masipeya ambiri a dziko lino amachokera. Mphwanga anatumiza theka la mtengo pa foni, nanena kuti, "Ndikufuna pisitoni ndi maringi a njinga ya 150." Wasitoloyo sanafunse zambiri, iyenso sanaonjezere.

Sabata yoyamba yankho linali lakuti katundu ali m'njira. Yachiwiri, kontena sinatuluke padoko. Yachitatu, foni sinkayankhidwa. Yachinayi, kontena yatuluka koma akuyamba kupatsa amene anaitanitsa kale ndi amene amagula makatoni ambiri. Masiku amenewo ine ndinkaganiza kuti wasitoloyo wadya ndalama. Ndinamunenera mawu oipa pamaso pa anthu, ndipo pambuyo pake ndinapita kukapepesa, chifukwa bamboyo ankanena zoona monga mmene iyenso ankauzidwira.

Taimani kaye apa, tiutsate ulendo wa kachitsulo kameneka. Kamapangidwa ku fakitale ku India kapena ku China. Kamalongedzedwa m'katoni, katoniyo m'kontena, kontenayo m'sitima ya pamadzi imene imayenda masabata angapo kuti ifike pa doko la Dar es Salaam. Padoko pali mzere wa sitima, pali msonkho, pali mapepala. Kuchoka apo kamapita kwa wogulitsa mopikulitsa ku Kariakoo, kenaka pa basi kapena lole mtunda wa pafupifupi makilomita 1,000 kufika ku Songea, makilomita ena pafupifupi 100 kufika ku Mbinga, ndi makilomita 66 otsetsereka m'mapiri kufika ku Mbamba Bay. Ife a ku Lipingo tili kumapeto kwenikweni kwa chingwe. Aliyense wa pakatipo akachedwa tsiku limodzi, masiku onsewo amadzaunjikana pa ife.

M'chaka cha 2021 chingwe chimenechi chinali chitakodwa m'malo ambiri chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ku India mliriwo unavuta kwambiri mu Epulo ndi Meyi, ndipo ntchito m'mafakitale ambiri inabwerera m'mbuyo. Ku China, doko lalikulu la Yantian linagwira ntchito mwapang'onopang'ono mu Meyi ndi Juni matendawa atapezeka pakati pa antchito ake. Makontena opanda kanthu ankasowa kumene ankafunika, ndipo mtengo wotumizira kontena imodzi unakwera kuwirikiza kangapo. Zonsezi ife tinkazimva pa wailesi ngati nkhani za kutali, osadziwa kuti zikukhudza njinga imene yafundidwa chiguduli kuseri kwa nyumba yathu.

Mwina mufunsa kuti, bwanji wasitolo wa ku Mbamba Bay sasungiratu zinthu zotere? Yankho ndi mpamba. Mitundu ya njinga ndi yambiri, ndipo ngakhale zambiri za ku China zinatengera injini ya Honda CG125 ya m'ma 1970, sikuti chitsulo chilichonse chimalowana. Mtundu umodzi wa njinga uli ndi misinkhu isanu ya pisitoni. Munthu wa mpamba wochepa amaika ndalama zake pa zimene zimatuluka tsiku ndi tsiku: mapulagi, machubu, oilo, mabuleki, mawaya a kilachi. Pisitoni ya 0.50 ikhoza kukhala pa shelefu chaka chathunthu, ndalama itagona. Ndiye amadikira kuti wina aifune, n'kuitanitsa. Wa ku Kariakoo naye ngati alibe, amangolemba dzina lanu pa mzere wa odikira katundu amene sanafike. Ndalama mwapereka, chinthucho ndi chanu, koma mwina sichinapangidwe n'komwe.

Palinso china. Mphekesera ya kusowa ikamveka, aliyense amene ali ndi ndalama amagula zambiri kuposa zimene akufuna, monga timachitira ndi shuga kapena sopo. Wasitolo wamkulu amene amatenga makatoni awiri amaitanitsa asanu. Kontena ikatsekulidwa katundu amathera kwa iwowo, ndipo wamng'ono wa kunyanja amauzidwa kuti adikire ina.

Bokosi linafika

Patatha masiku 32 kondakitala wa basi anatsitsa kabokosi ku Mbamba Bay. Mphwanga anabwera nako akuthamanga, ana akumutsatira. A fundi anatsekula, natenga pisitoni n'kuilowetsa m'buloko. Inangoti gwede gwede, ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake. Anatembenuza bokosi natiloza zilembo zitatu: STD.

"Kodi wopala uja sanakupatse nambala?"

Mnyamata uja anapisa m'thumba natulutsa kapepala, katafewa ndi thukuta.

"Ndi aka. Ine ndimayesa ndi nambala ya buloko yanga pamzere, kuti isasokonekere ndi za ena. Fifite."

"Nanga kadonthoka sunakaone?"

Anatembenukira kwa ine. "Amalume, kadontho si kaja munkati timaika chiganizo chikatha?"

Mphunzitsi mnzanga, sindinayankhe. Ananena zoona. Ndi zimene ndinamuphunzitsa. M'chaka chonse chimene anakhala m'kalasi langa anaphunzira maphatikizo, anaphunzira kulemba dzina lake ndi kalata yaifupi, anaphunzira kuwonkhetsa ndi kuchotsera mpaka masauzande. Kadontho ka pakati pa manambala sindinakatchulepo, chifukwa ndalama zathu za shilingi sitiziwerenganso m'masenti, ndipo ndinkaona ngati ndi samu za ana a sukulu zolembera mayeso. Ziro wa kutsogoloyo iye anamuona ngati wopanda ntchito, chifukwa ndinamuuzapo ndekha kuti ziro wa kumanzere sasintha nambala. Ndipo STD anaiwerenga bwinobwino, chilembo ndi chilembo, n'kuganiza kuti ndi dzina la kampani.

Wasitolo anakana kulandiranso pisitoniyo. Anati bokosi latsekulidwa, komanso palibe pamene panalembedwa msinkhu umene unaitanitsidwa. Lisiti panalibe, panali uthenga wa ndalama wa pa foni wokha. Tinaitanitsanso, ulendo uno ine nditalemba ndekha uthenga wa manambala onse, ndipo tinadikira masiku ena 19.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Masiku 5 a ku Songea, 32 odikira koyamba, 19 odikira kachiwiri: onse pamodzi 56, masabata asanu ndi atatu. Pa mashilingi 10,000 patsiku, ngongole kwa mwini njinga inafika 560,000, osawerengera chakudya cha pakhomo chimene sichinabwere. Mkazi wake anagulitsa chinangwa chisanakhwime. Mwini njinga anatuma uthenga kawiri kuti abwera kudzaitenga, ndipo pangano linkamulola kutero, ndalama zonse za miyezi ya m'mbuyo n'kupita pachabe. Ndinapita ndekha kukagwada. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, tinapereka gawo, ndipo bamboyo anavomera kuonjezera miyezi iwiri pa pangano. Makalasi anga awiri a kutali anaima nthawi yonseyo. Mu limodzi mwa makalasiwo amayi ena sanabwerenso.

Mwa masiku 56 aja, 37 ndinalibe nawo mphamvu. Anapangidwa ndi mliri, madoko, mtunda ndi umphawi wa masitolo athu. Koma 19 anapangidwa kwathu konkuno, ena mwa iwo pa bolodi langa.

Zimene anthu amachita podikira

Chiyambire nthawi imeneyo ndakhala ndikuyang'anitsitsa zimene kusowa kwa masipeya kumachita pakati pathu. Kuseri kwa malo a fundi aliyense mupezako mafupa a njinga: ina yopanda gudumu, ina yopanda injini. Zambiri mwa izo zinabwera ndi vuto limodzi laling'ono. Podikira chitsulo chake, wina anabwereka kabureta, wina anabwereka gudumu, mpaka njinga yonse inathera m'zinzake. Mwini wake akabwera ndi chitsulo chija amapeza palibenso poti achimange.

Ena amaotcherera chimene sichiyenera kuotcherera. Ena amamanga ndi waya ndi mphira n'kumayenda. Pa galasi kapena mpando palibe vuto, koma ndaonapo mnyamata akutsika mapiri a ku Mbinga ndi buleki ya kumbuyo yokha, atanyamula mayi ndi mwana, chifukwa ya kutsogolo "ikubwera sabata yamawa" ndipo hesabu sidikira. Ngozi zina zimene timati ndi kuthamanga kwa anyamata zimayambira pa shelefu yopanda kanthu.

Ndiye pali masipeya achinyengo. Chenicheni chikasowa, chofanana nacho chimapezeka msanga, m'bokosi lokongola kuposa la chenichenicho. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sikuti chitsulo chilichonse chotchipa ndi choipa ayi. Mafundi athu amadziwa kuti pali magiredi, ndipo amakuuza poyera kuti ichi chikutengera miyezi itatu, icho chaka. Choopsa ndi kulipira mtengo wa chenicheni n'kulandira cha miyezi itatu, ndipo amene amagwa m'dzenje limeneli kawirikawiri ndi uja sangathe kuyerekeza nambala ya pa bokosi ndi ya pa chitsulo chakale.

Kalasi ya pansi pa mtengo wa mango

Pamene ndinkaphunzira ntchito imeneyi anatiphunzitsa njira ya Paulo Freire wa ku Brazil, yakuti mawu oyambira kuphunzitsa munthu wamkulu azichokera m'moyo wake weniweni. Kwa anthu omanga nyumba iye ankagwiritsa ntchito liwu lotanthauza njerwa. Pulogalamu ya boma lathu ya MUKEJA ndi njira ya REFLECT zinaima pa maganizo omwewo. Ine ndinasankha mawu anga kalekale: nsomba, ukonde, bwato, chinangwa. Anali mawu abwino. Koma ndinakhala nawo zaka zambiri osaona kuti theka la anyamata a m'kalasi langa linatsika m'bwato n'kukwera njinga, ndipo zolemba zimene ankakumana nazo tsiku ndi tsiku zinali pa matayala ndi pa mabokosi.

Njinga ya mphwanga itadzuka, ndinapita pamalo pamene anyamata a bodaboda amadikirira anthu, pamene timati kijiwe. Ndinawapempha a fundi kuti abwere ndi thumba la zitsulo zakutha. Iwo ndiwo anali mphunzitsi wa zitsulo, ine wa manambala, ndipo kunena zoona zambiri ndinkaziphunzira pomwepo.

Tinayamba ndi tayala, poti aliyense ali nalo. Pambali pake palembedwa, mwachitsanzo, 3.00-17. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala m'mainchi, yachiwiri ndi kukula kwa limu. Tinaika la 2.75 pambali pa la 3.00, ndipo anyamata anaona ndi maso awo kuti 2.75 ndi yaing'ono, ngakhale 75 amaoneka wamkulu. Kadontho kanalowa m'mitu tsiku lomwelo popanda ine kutchula liwu lakuti desimo. Kenaka tinatenga tcheni. Pa timapale take pamadindidwa 428 kapena 420. Mtunda wa pakati pa mfundo ndi wofanana, theka la inchi, koma 428 ndi yotakasukirapo, kotero tcheni ya 420 sikhala pa mano a sipuloketi ya 428. Pa sipuloketi palembedwa monga 14T, kutanthauza mano 14, ndipo aliyense anawerenga mano ndi chala kuti atsimikize. Pa mabering'i pali manambala anayi, monga 6202 kapena 6301. Awiri omalizawo amanena kukula kwa bowo: 01 ndi mamilimita 12, 02 ndi 15, 03 ndi 17. Tinamaliza ndi mapisitoni asanu pa mphasa, kuyambira STD mpaka 1.00, ndipo mphwanga ndiye anawandandalika mwa misinkhu yawo uku anzake akumuseka. Nayenso anaseka.

A fundi anaonjezera phunziro limene ine sindikanalidziwa. Anatulutsa timabokosi tiwiri takuda ta moto wa injini, timene amati CDI, tofanana ndendende. Kena kamatenga moto ku batire, kena ku makoilo a injini, ndipo ukasinthanitsa njinga silira, mwinanso umaotcha kanthu. Anati, "Maso amanama. Werengani." Ndinalemba mawu amenewo pa bolodi, ndipo anakhala chiganizo choyamba chimene ena mwa anyamatawo anakopera.

Pa kijiwe chimenecho tsopano pali kope limodzi. Njinga iliyonse ili ndi tsamba lake: mtundu, nambala ya injini, nambala ya felemu, msinkhu wa matayala, tcheni, mano a masipuloketi, ndi msinkhu wa pisitoni imene ili m'katimo lero. Munthu akafuna kuitanitsa amakopera kuchokera m'kopemo, amajambula chitsulo chakale ndi foni nambala ikuoneka, n'kutumiza pa WhatsApp. Asanapereke ndalama amapempha wasitolo alembe pa lisiti dzina la chitsulo, nambala yake, ndalama imene yaperekedwa ndi tsiku limene akulonjeza. Poyamba ankachita manyazi kufunsa, kuopa kuoneka ngati akumukayikira munthu. Ndinawakumbutsa kuti safunsa anadya phula. Bokosi likafika amayerekeza nambala asanalitsekule. Ndiponso mvula isanayambe amasonkha ndalama n'kuitanitsa pamodzi zinthu zimene amadziwa kuti zidzatha m'matope, monga mabuleki, matcheni ndi mabering'i. Oda ya anthu khumi imamveka ku Kariakoo kuposa ya munthu mmodzi.

Zimene kope silingathe

Ndisakunamizeni kuti vuto linatha. Msewu wa Mbinga mpaka Mbamba Bay unathiridwa phula, ndipo Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anautsegulira mu 2024. Katundu amatsika mapiri msanga kusiyana ndi kale. Koma msewu umangofupikitsa mapeto a ulendo. Mu 2022 mzinda wa Shanghai unatsekedwa kwa miyezi iwiri chifukwa cha mliri womwe uja. Mu 2023 ndalama ya dola inasowa m'mabanki a ku Tanzania, ndipo oitanitsa katundu kunja anavutika kulipira mafakitale. Mitengo ya masipeya inakwera, zina zinasowanso. Abale athu a ku Malawi anaona zoposa pamenepa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo njinga ndi masipeya ambiri a akabaza a kumeneko amadutsa m'dziko lathu lino asanawoloke pa Songwe. Chingwe chawo ndi chachitali kuposa chathu. Malinga ngati zitsulozi zikupangidwa kutsidya kwa nyanja yamchere n'kumagulidwa ndi dola, anthu a kumapeto kwa msewu adzadikirabe, kaya amadziwa kuwerenga kaya sadziwa.

Chimene kope lija lachotsa ndi kudikira kachiwiri, kuja kobwera chifukwa chitsulo chafika koma si chimenecho. Lachotsanso mikangano ina, chifukwa pepala likakhalapo wasitolo ndi wogula sakanirana zimene ananena pa foni. Ndi gawo laling'ono la vutoli, koma kwa munthu amene akuwerengedwa hesabu tsiku lililonse, masiku 19 ndi kusiyana kwa kukhala ndi njinga ndi kulandidwa.

Inu amene mukuwerenga phunziro lino usiku mutaweruka, mwina buku lomweli linakufikani pa kabaza, ndipo mayankho anu adzapita kwa wokuongolerani pa kabazanso. Ndikupempheni chinthu chimodzi. Sabata ino pitani kwa makaniko wa pafupi nanu, mukhale naye ola limodzi. Mufunseni kuti ndi zitsulo ziti zimene zikusowa, anthu akudikira masiku angati, ndipo ndi kangati pamene chitsulo chinafika cholakwika. Mupempheni tayala lakutha, bering'i ndi bokosi lopanda kanthu. Mukapita nazo m'kalasi, kaya ndi la ana a sitandade 6 kaya la akuluakulu, musayambe ndi kufotokoza. Apatseni agwire, awerenge zimene zalembedwapo, anene okha tanthauzo lake. Mudzamva mayankho onga a mphwanga, ndipo mudzadziwa pamene phunziro lanu linasiyira.

Mnyamata uja anamaliza pangano lake mu Novembala 2021, ndipo njingayo ndi yake. Pisitoni ya STD ija a fundi anadzaigula pa theka la mtengo patapita miyezi, ya njinga ya munthu wina. Tsiku lina tikuchokera ku kalasi anaimitsa njinga pamtunda, nandiuza kuti injini yayambanso kumwa oilo pang'ono.

"Ulendo uno ndikagula kaye pisitoni, amalume, ndiye ndipite nayo ku Songea. Ndikuganiza 0.75, koma wopalayo akayeze kaye."

Ndinamufunsa ngati akufuna kapepala kake kaja. Anati ndikasunge ineyo, iye nambala ali nayo m'kope.